Funsani Atsibweni: Ndikagula nyumba kunja, adzandilola kukhala komweko?

Mwezi uno foni yanga sinapume, ndipo mauthenga ambiri akuzungulira pa nkhani imodzi, ya kusamukira kunja podzera mu kugula nyumba kapena kutsegula bizinesi kumeneko. Ndasankha asanu. Mayina sindilemba monga mwa nthawi zonse, makamaka ulendo uno poti ena mwandiuza mpaka ndalama zimene mwasunga, ndipo Chipata ndi yaing'ono, tonse timakumana ku Saturday Market.

FUNSO: Atsibweni muli bwanji. Ine ndine mzimayi wa zaka 58, ndinali tichala zaka zopitirira 30 ndipo ndalama zanga za penshoni zatuluka chaka chino nditadikira mpaka kutopa. Ndili ndi nyumba ku Kapata momwe muli matenanti atatu, ina ndikhalamo ndekha ku Kalongwezi, ndi kafamu pa msewu wa ku Chadiza komwe anandisiyira malemu amuna anga. Mwana wanga wamkazi anandionetsa pa Facebook kuti ukagula fulati ku Portugal, Greece kapena Dubai akupatsa mapepala okhala iwe ndi banja lonse, ndiye tinalankhula ndi ejenti wina pa WhatsApp, akuti tiyambe tatumiza K45,000 yotsegulira faelo, zotsalazo tidzalipira tikagulitsa nyumba ya ku Kapata ndi famu. Ine sindifuna zambiri atsibweni, ndifuna chabe adzukulu anga awiri akaphunzire kwabwino. Ndigulitse? Mphunzitsi wopuma, Kalongwezi.

YANKHO: Aphunzitsi, musagulitse, ndipo K45,000 imeneyo isachoke mu foni mwanu. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngati magetsi angathime musanamalize kuwerenga mukhale mwamva chachikulu.

Chinthu chimene mwana wanu anaona chilipodi, si bodza lonse ayi. Amachitchula kuti golden visa, ndiye kuti dziko limakupatsa chilolezo chokhalamo chifukwa waikamo ndalama zambiri. Koma taonani mmene zilili ku maiko amene mwatchulawo. Portugal inayamba pulogalamu imeneyi mu 2012 ndipo kwa zaka zambiri anthu ankagula nyumba n'kupeza mapepala, koma mu October 2023 boma lawo linatseka njira ya nyumba, chifukwa eni dziko anadandaula kuti nyumba ku Lisbon ndi ku Porto zakwera mtengo mpaka achinyamata awo akulephera kupeza pokhala. Ndiye munthu amene lero akukuuzani kuti gulani fulati ku Portugal mupeze golden visa, kaya ali m'mbuyo ndi nkhani kaya akufuna ndalama zanu, pa ziwirizi palibe chokuthandizani. Spain nayo inali ndi yake ya ma yuro 500,000, inatseka mu April 2025. Ireland inatseka mu 2023, UK inatseka viza yake ya anthu oika ndalama mu February 2022. Makomo amenewa akhala akutsekedwa limodzi ndi limodzi, koma zotsatsa za pa Facebook zikuyendabe ngati kalikonse sikanasinthe.

Greece ikadali yotsegula. Kale mtengo unali ma yuro 250,000 ndipo nambala imeneyi ndi imene ma ejenti amakonda kuilemba ndi zilembo zazikulu, koma kuyambira 2024 ku Athens, Thessaloniki, Mykonos, Santorini ndi zilumba zina za anthu ambiri mtengo ndi ma yuro 800,000, kwina konse 400,000. Ya 250,000 inatsala pa zinthu zapadera chabe, monga kugula nyumba imene inali ya malonda n'kuisandutsa yogonamo, kapena kukonzanso nyumba zakale zimene boma limaziteteza. Inu ndinu aphunzitsi, tengani choko tiwerenge. Tingoyerekeza kuti yuro imodzi ili pa K25, ndiye 400,000 ikupatsani K10 miliyoni. Onkhetsani penshoni, nyumba ya ku Kapata, famu, olo muikepo ndi ya ku Kalongwezi imene mugonamo, muone ngati mufika pamenepo. Ndipo apo sitinawerenge msonkho wogulira nyumba, loya, inshuwalansi ya chipatala ndi matikiti.

Dubai nayo, kuti upeze golden visa ya zaka 10 podzera mu nyumba, nyumbayo ikhale ya ma dirham 2 miliyoni, zimene ndi ma dola opitirira 540,000. Ngakhale Mauritius, amene ndi anzathu mu SADC ndi COMESA, amafuna nyumba ya ma dola 375,000 kupita m'mwamba, makamaka mu mapulojekiti amene boma linavomereza.

Koma tiyeni tinene kuti ndalama munali nazo, pali nkhani ina imene ejentiyo sanakuuzeni ndipo kwa inu ndiye yaikulu. Inu mwati cholinga ndi adzukulu. Ku Greece chilolezo chimenechi chimatenga mwini nyumba, mwamuna kapena mkazi wake, ana osafika zaka 21, ndi makolo. Mwana wanu ndi wamkulu kale, ali ndi ana ake, ndiye nyumba ikalembedwa dzina lanu iye ndi adzukulu aja salowa pa mzere umenewo. "Banja lonse" la azungu si banja lonse lathu la kuno, komwe mdzukulu, mwana wa mlongo wako, mwana wamasiye wa achimwene, onse ndi ana a m'nyumba. Kwa iwo banja ndi laling'ono ndipo amaliwerenga pa satifiketi yakubadwa.

China, chilolezo chokhala ndi china, chogwira ntchito ndi china, unzika ndi chinanso. Anthu ambiri timazisakaniza n'kumangoti mapepala. Golden visa ya Greece ndi ya zaka zisanu, umaiwonjezera ngati nyumba ikadali yako, ukagulitsa yatha, ndipo siyikulola kulembedwa ntchito kumeneko. Ndiye tangoganizani, mwagulitsa nyumba imene imakupatsani renti mwezi ndi mwezi, mwagulitsa famu imene imakupatsani chimanga ndi nshawa, mwafika m'dziko lozizira la chilankhulo chimene simuchidziwa, mu fulati yokongola, mudya chiyani pa 30? Ku Dubai nakonso olo ukhale zaka 20 sukhala nzika chifukwa cha nyumba, ndipo ana a alendo ambiri amaphunzira ku masukulu olipira, odula kwambiri. Njira imeneyi anaikonzera anthu amene ali ndi ndalama zotsala, amene akagula fulatiyo kwawo nyumba zisanu zili chiimire. Sanaikonzere munthu wogulitsa denga lake.

Za ejentiyo mtima wanga ukuwawa chifukwa ndinaziona pafupi. Alamu anga ena anagulitsa puloti yawo yomwe anali atamanga kale mpaka pa windo, n'kutumiza ndalama katatu, koyamba yotsegulira faelo, kachiwiri ya loya, kachitatu akuti ya sitampa. Ndikumbuka tsiku limene anabwera kwathu madzulo, tinakhala pa khonde, anatulutsa envulopu ya khaki momwe munali kalata yopulinta ya mitundu, ili ndi mbendera pamwamba ndi chidindo chofiira pansi, anaipinda bwinobwino ngati satifiketi ya ukwati. Ankaimba nambala ija pa sipika kuti ndimve ndekha, foni n'kumangoti nambala kulibe, iwo n'kuimbanso, n'kuimbanso, tiyi mpaka anazizira pa tebulo. Munthu wamkulu wa imvi, sanalire, anangoti "ndikawauza chiyani amake ana". Mpaka lero akuchita renti.

Pa mapulogalamu enieni, ndalama za boma zimalipidwa ku boma, za nyumba zimadutsa ku banki ndi kwa loya wolembetsedwa m'dzikolo, ndipo asanakulandire amafuna kalata ya ku polisi ndi umboni wa komwe kwachokera ndalama. Palibe dziko limene limatsegula faelo pa mobile money ya munthu. Mufunseni mafunso atatu chabe: kampani yake inalembetsedwa kuti ndipo nambala yake ndi chani, ofesi ili pati kuti mwana wanu akafikepo ndi miyendo, ndipo lamulo limene akunenalo lili pa webusaiti iti ya boma la dzikolo. Mukaona akuyamba kukufulumizitsani kuti malo atsala awiri, mwadziwa kale.

Ngati nkhani ndi sukulu ya adzukulu, nyumba ya ku Kapata ija ndiye sukulu yawo. Renti yake ilipire sukulu yabwino konkuno, akhoze giledi 12 ndi mapointi abwino, ndipo akadzafuna yunivesite ya kunja adzapita pa viza ya ophunzira, pamene ofesi ya viza idzafuna kuona kuti wowalipirira ali ndi katundu ndi ndalama zolowa mwezi uliwonse. Tsiku limenelo taito ya nyumba yanu ndi sitetimenti ya ku banki zidzawalankhulira. Ndipo famu ija, ngati ikadali ya kwa amfumu yopanda taito, yambani kuyendera zimenezo, kalata ya amfumu, kenako ku khonsolo, kenako kwa Commissioner of Lands kuti mupeze lizi ya zaka 99. Ndalama pang'ono za penshoni zikapita kumeneko sindidandaula.

FUNSO: Atsibweni ine ndine mnyamata wa zaka 31, ndimagula soya ndi nshawa ku Lundazi ndi ku Chadiza kugulitsa ku Lusaka, zaka zinayi manje ndipo zikuyenda, ndasunga pafupifupi K600,000. Anzanga awiri ali ku Johannesburg akuti ndibwere titsegule shopu, akuti ukalembetsa kampani pa intaneti basi wakhala. Ine ndatopa ndi mitengo ya soya yokwera ndi kutsika iyi. Ndiyambire pati? Wa soya, Magazine.

YANKHO: Mphwanga, choyamba ndikuyamikire, K600,000 pa zaka zinayi kuchokera pa sikelo ndi masaka si masewera, ambiri amene munayamba nawo anathera pa kaloba.

Anzakowo akuuza theka la nkhani. Ndi zoona kuti mlendo angathe kulembetsa kampani ku South Africa, ku ofesi yawo ya CIPC imene ili ngati PACRA yathu, ndipo sizidula. Koma pepala la kampani si chilolezo chokhala, ndi ma ofesi awiri osiyana, CIPC ilembetsa kampani, Home Affairs ndiyo inena kuti ukhale kapena upite. Kuti ukhale mwalamulo n'kumayendetsa bizinesi yako ufunika business visa, ndipo lamulo lake likuti ulowetse ma randi 5 miliyoni ochokera kunja, upeze kalata yovomereza kuchokera ku unduna wawo wa zamalonda, ndipo pa antchito 100 alionse 60 akhale nzika kapena okhala m'dzikomo mokhazikika. Ndalamazo amatha kuzichepetsa pa mabizinesi ena amene boma likuona kuti dziko likuwafuna kwambiri, koma kashopu ka magolosale ka mu komboni sikali m'gulu limenelo. Kugula nyumba nakonso ku South Africa ungagule, palibe akuletsa, koma nyumbayo siyikupatsa ngakhale tsiku limodzi lowonjezera pa pasipoti.

Chimene ambiri amachita ndi kulowa ngati mlendo, poti ife a Zambia sitifuna viza pokacheza, n'kuyamba kugulitsa mwakachetechete masiku n'kutha. Ukapitirira masiku amakulemba kuti ndiwe wosafunika, ukapitirira pang'ono chaka chimodzi osalowa, ukapitirira masiku 30 zaka zisanu. Ndiye stoko yako, mafiriji ako, zonse zimalembedwa dzina la munthu wina, ndipo tsiku limene mwayambana kapena apolisi abwera ulibe pokadandaula chifukwa iwe mwini pa pepala kulibe. Osaiwala kuti mashopu a alendo ndi amene amayamba kuphwanyidwa kukabuka chipolowe, tinaziona mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019.

Usaone ngati akutizonda ife chabe. Tayang'ana kwathu kuno, mlendo akafuna Investor's Permit kuti ayambe bizinesi yake ku Zambia, Immigration imafuna aonetse ma dola 250,000, ngati akulowa mu kampani imene ilipo kale 150,000. Dziko lililonse limateteza kantemba ka anthu ake.

Manje mvera chimene ndikuona mu uthenga wako, ndipo ichi chikhudza amalonda ambiri a kuno kummawa. Ndalama zako zili kuti, ndipo ndani angachitire umboni kuti ndi za soya? Sabata zapitazo ndinakhala mu depoti ya mnzanga wina pafupi ndi Down Shops, munthu amene amadzaza mathiraki, ndipo maakaunti ake onse ali mu hadikava imodzi yakuda yothimbirira ndi fumbi la soya, masamba ena anachita kumata ndi selotepi, ndalama zili mu chikwama cha pasukulu pansi pa tebulo. Ndi wolemera ndithu, koma pamaso pa ofesala wa viza kapena banki ya kunja munthu ameneyu alibe kalikonse, ndipo tsiku limene adzaike ndalama zonsezo ku banki kamodzi adzafunsidwa kuti zachokera kuti, chifukwa mabanki ali ndi lamulo lokanena ku Financial Intelligence Centre akaona ndalama zokayikitsa. Viza iliyonse ya bizinesi pa dziko lapansi imafunsa zinthu zomwezi, kampani yolembetsedwa, masitetimenti a miyezi ingapo, umboni wa msonkho, pulani ya bizinesi. Ndiye poyambira pako si pa basi ya ku Johannesburg, ndi ku PACRA, ku ZRA ukhale ndi TPIN ya kampani, akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya m'thumba, ndipo thumba lililonse la soya lidutse pa lisiti. Zaka ziwiri zotere udzakhala ndi mbiri imene ungaionetse kulikonse, ndipo mwina udzapeza kuti chimene umafuna ku Johannesburg ndi kasitomala, osati nyumba. Kugulitsa kunja uli ku Chipata n'kotheka, a Zambia Development Agency (ZDA) ali ndi gawo lothandiza ogulitsa katundu kunja, ndipo munthu wopita kukakumana ndi ogula n'kubwerera amadutsa pa boda mutu uli m'mwamba.

Ngati mtima ukadali komweko, pita ukacheze sabata ziwiri, ukagone kumene anzakowo amagona, uwafunse akuonetse chidindo cha mu pasipoti mwawo ndi dzina limene lili pa laisensi ya shopu. Ndalama usiye kuno.

FUNSO: Nanga ku America kapena UK atsibweni? Ndamva kuti kuli viza ya bizinesi yotchipa, E-2, mnzanga wa ku koleji akuti ma dola ochepa chabe. Nesi, Katete.

YANKHO: Anesi, E-2 ilipo koma ndi ya nzika za maiko amene ali ndi pangano la zamalonda lotero ndi America, ndipo Zambia palibe pa mndandandawo, ndiye olo mukhale ndi ndalama pasipoti yathu siyilowa. Ina ya ku America komweko, imene siyifuna pangano lotero, ndi EB-5, ndipo kuyambira 2022 imafuna ma dola 1,050,000, kapena 800,000 ngati mukuika kumidzi kapena kumene anthu ambiri alibe ntchito, komanso bizinesiyo ilembe anthu 10 ntchito yokhazikika. Ku UK yatsala ya Innovator Founder, imene imafuna nzeru ya bizinesi yatsopano yovomerezedwa ndi mabungwe awo osankhidwa, shopu kapena saluni salandira. Inu muli ndi satifiketi ya unesi m'manja, njira yanu ngati mufunadi kupita ndi ya ntchito yanuyo, kudzera ku bungwe la anesi la dziko limene mukufuna, ndipo wokulembani ntchito weniweni sakuuzani kuti mugule ntchitoyo. Wina akadzati pasipoti ndikusungirani mukafika, bwererani pomwepo, anthu amagulitsidwa motero.

FUNSO: Atsibweni, ine za ku Ulaya sindiziganiza. Ndimagulitsa zitenje ndi nsapato, ndimadutsa pa Mwami kawiri pamwezi kupita ku Lilongwe. Amayi anga anabadwira ku Mchinji, achibale ambiri ali kumeneko, ndipo msuweni wanga akuti wapeza puloti yotchipa kufupi ndi tauni, ndigule tilembe dzina lake poti ine ndine wa ku Zambia, timange mashopu ndisamukire komweko. Chilankhulo chimodzi, nsima imodzi, vuto lingakhale pati? Mayi wa ku Mchini.

YANKHO: Mlongo wanga, funso lanu ndalikonda kuposa onse chifukwa ndi limene lili pafupi ndi moyo wathu. Ife a kuno malire anatidula pakati pa mudzi, pa Kulamba ku Mkaika mafumu a ku Malawi ndi a ku Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi ngati ana a nyumba imodzi, ndipo Lilongwe ili pafupi nafe kuposa Lusaka kutali. Ndiye mtima umakana kuti kumeneko ndi kunja. Koma pa ofesi ya malo ndi ya Immigration ndi kunja ndithu, ngati London.

Vuto lili pa mawu aja akuti tilembe dzina lake. Sindikunena kuti msuweni wanu ndi wakuba ayi, mwina ndi munthu woopa Mulungu. Koma anthu timafa, ndipo tsiku la kusesa akadzakhala pansi akazi ake, ana ake ndi akuchimuna kugawa za malemu, mashopu aja adzawerengedwa ngati ake chifukwa pepala likutero, inu mudzaimirira kunena kuti njerwa ndinagula ndine, adzakufunsani kuti umboni uli kuti. Ngakhale ali moyo, akatenga ngongole ku banki angapereke pulotiyo ngati chikole inu osadziwa. Ndipo kukhoti mudzavutika, chifukwa mudzakhala mukuvomera nokha kuti munazemba lamulo. Malawi inakhwimitsa malamulo ake a malo mu 2022 makamaka pa nkhani yogulitsa malo kwa anthu amene si nzika, ndiye njira ya kumbali imeneyi ndi imene lamulolo likulimbana nayo. Ku Mozambique, kwa amene mumadutsa pa Chanida kupita ku Tete, dziwani kuti kumeneko nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa, chimene umapeza ndi chilolezo chogwiritsa ntchito malo chimene amachitcha DUAT.

Kukhala ku Malawi n'kumachita bizinesi ngati mlendo kumafuna Business Residence Permit, ndipo amafuna aone kuti mpamba wachokera kunja kudzera ku banki. Koma inu muli ndi khomo lina limene msuweni wanu sanaliganize. Mwati amayi anabadwira ku Mchinji. Malawi inasintha lamulo lake la unzika kumapeto kwa 2018 kulola unzika wa maiko awiri, ndipo Zambia inalola kale mu 2016. Ngati amayi anali nzika ya Malawi pamene inu munkabadwa, pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Lusaka kapena ku Immigration ku Lilongwe mukafunse za unzika wotengera kwa kholo. Nyamulani chilichonse cha amayi chimene chilipo, chitupa, pasipoti yakale, kadi ya ubatizo, kalata ya anyakwawa a kumudzi kwawo, ndi satifiketi yanu yakubadwa. Zikatheka, puloti mudzagula pa dzina lanu lenileni, masana dzuwa likuswa mtengo. Zitenga nthawi, ndipo puloti ija mwina ipita, ipite, Lilongwe siyithera pa puloti imodzi.

Musanasamuke muganizenso za ndalama, inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene zimakhalira pa boda ndi osintha ndalama aja. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ndalama zakunja kumeneko zakhala zikusowa kwa zaka. Munthu amene amagulitsa ku Lilongwe n'kubwera kudzaoda kuno kapena ku Nakonde amamva kuwawa kumeneko msanga, phindu la pa pepala limasungunuka posintha. Pakali pano muli ndi mwendo uku mwendo uku, kukavuta mbali imodzi mumatsamira inayo, ndipo umenewo ndi mwayi umene wa ku Lusaka alibe.

Ndipo poti mumadutsa pa Mwami kawiri pamwezi, ndikhulupirira mukudziwa za Simplified Trade Regime ya COMESA, ya amalonda ang'onoang'ono a katundu wosapitirira ma dola 2,000. Ngati katundu wanu anapangidwa kapena kulimidwa ku Zambia kapena ku Malawi ndipo ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, simulipira dyute, mumadzaza kafomu kafupi popanda kulemba ejenti wa kiliyaringi. Misonkho ina imakhalapobe, ndipo nsapato zochokera ku China sizilowa mmenemo. Pa boda pali desiki ya ofesala wothandiza amalonda pa zimenezi, ndipo a Cross Border Traders Association alipo. Ndinaona mayi wina pamenepo ali ndi mwana kumbuyo ndi masaka ake anayi, anamaliza zonse basi isanadzaze, pamene anzake anali atazungulira ku tchire ndi njinga kukapereka ndalama kwa anyamata a njira zachidule.

FUNSO: Mwana wanga ali ku Ulaya zaka 9, akuti watsala pang'ono kupatsidwa unzika koma akuopa kuti ataya NRC ndi puloti imene tinamugulira ku Petauke. Zoona? Bambo wa ku Sinda.

YANKHO: Atate, muuzeni mtima ukhale pansi. Kuyambira pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu January 2016, nzika ya Zambia sitaya unzika wake chifukwa chotenga wa dziko lina, ndipo amene anataya kale chisanafike chaka chimenecho angathe kupempha ku Citizenship Board of Zambia kuti awabwezere. Akalandira unzika watsopanowo adziwitse ofesi ya mapasipoti ndi unzika kudzera kwa kazembe wathu wa kumene aliko. Chimodzi chabe ayambe wafunsa kumeneko, ngati dziko limene likumupatsalo limalola unzika uwiri, chifukwa ena monga Austria ndi Netherlands kawirikawiri amafuna kuti usiye wakale, pamene UK, Ireland, France ndi Portugal alibe nazo vuto, ndipo Germany inayamba kulola mu 2024. Pulotiyo ikhale pa dzina lake, muzilipira ground rent chaka ndi chaka n'kusunga malisiti, ndipo muikepo olo kafaundeshoni ndi mpanda, chifukwa puloti yongokhala tchire zaka zambiri boma lili ndi mphamvu yoilanda n'kupatsa wina.